Mutu 6: Kamphepo Akana Madzi

1. Shiti m'beseni

Loweruka m'mawa Kamphepo anali atagwada pa mpopi kuseri kwa nyumba, akuchapa shiti. Inali shiti yake yomwe, ndipo banga lake linali lalikulu ngati chivundikiro cha ndowa. Thumba linali litadonthanso m'bandakucha.

Thumbalo analipeza chaka chatha. Matumbo ake aakulu anachita zilonda mpaka madokotala anawachotsa. Atatero anaboola pamimba, kumanja m'munsi mwa mchombo, n'kutulutsirapo nsonga ya matumbo aang'ono, kanyama kofiira psuu. Chimbudzi chake chonse chinkatulukira pamenepo, chamadzimadzi, nthawi iliyonse imene chafuna, n'kugwera m'thumba la pulasitiki lomatidwa pakhungu. Chomatiracho chikagwira bwino, palibe amene ankadziwa kanthu. Chikafooka, nkhani inkathera pa mpopi.

Amayi ake ankagwira ntchito yochapa mu hotela, koma shiti ya mwana wawo sankaikhudza.

"Sabata yonse ndimachapa mashiti a anthu osawadziwa," ankatero, "ndiye ndifike pakhomo panga ndiyambirenso? Madokotala anachotsa matumbo, manja anakusiyira."

Sopo asanachite ndi thovu lomwe, kunamveka mawu kumsewu.

"Kamphepo! Iwe Kamphepo! Uli moyo?"

Anali Wailesi, mnzake wa m'kalasi. Dzinalo anamupatsa chifukwa nkhani ankaiyamba akadali kutali, ndipo pozimitsira analibe. Kamphepo anakanikizira shiti pansi pa madzi mwachangu n'kuponyapo siketi pamwamba.

"Siya zochapazo, ndiwe mayi wa ana kodi?" anatero Wailesi akupuma wefuwefu. "Mwana wa Ahedi wabinya phazi dzulo, latupa ngati dzungu. Mpikisano ndi lero masana, ndipo wachinayi tilibe. Madamu a zamasewera akuti kamuitaneni Kamphepo!"

Unali mpikisano wa masukulu, uja atsikana anayi amathamanga molandirana kamtengo. Asanadwale, Kamphepo ndiye ankathamanga chigawo chomaliza, ndipo dzina lakelo linachokera komweko. Chibwerereni kuchipatala ankangokhala pansi pa mtengo kulondera nsapato za anzake. Kusukulu ankangodziwa kuti anamuchita opaleshoni ya m'mimba. Za thumba palibe amene ankadziwa, ngakhale Wailesi.

"Akuti ine?" anafunsa Kamphepo.

"Ayi, akuti agogo ako. Iwe, inde! Ukakana lero, malo ako apatsa kamwana ka fomu wani, ndipo sudzawaonanso." Wailesi anakwinya mphuno. "Koma chikununkha pano n'chiyani?"

"Ngalande yatsekeka," anatero Kamphepo. "Kawauze Madamu kuti ndikubwera."

2. Mawu a Amayi

Amayi anali atamva zonse ali m'nyumba. Anatuluka atavala kale yunifolomu ya ku ntchito, nsapato imodzi ili m'manja.

"Khala apo undimvere, chifukwa ndikuchedwa ndipo sindibwereza," anatero. "Kuthamanga sindikukuletsa. Anamwino aja anati ukhoza kuthamanga, kulumpha, ngakhale kudzakwatiwa akadzapezeka wokupirira. Koma thupi lako si lija lakale. Matumbo amene anachotsa aja ndiwo ankabwezera madzi ndi mchere m'thupi. Anzako akamwa kapu, iwe uyenera kumwa n'kubwereza, chifukwa ako amangodutsa ngati m'sefa. Ukaonjezerapo thukuta la dzuwa ili, uuma ngati chikuni."

"Ndamva, Amayi."

"Sunamve, sindinamalize. Ndikudziwa zimene zili m'mutu mwakomo. Ukuti ukapanda kudya ndi kumwa, thumba likhala lopanda kanthu. Limenelo ndi bodza. M'mimba mukakhala mopanda chakudya mumatuluka madzi okhaokha ndi mpweya. Thumba limafufuma ngati chibaluni, madziwo amalowa pansi pa chomatira, basi chamatuka. Buledi ndi nthochi zili patebulopo udye zonse, zimalimbitsa m'mimba. M'botolomo ndakusungunulira madzi a mchere ndi shuga, uzikamwa pang'onopang'ono tsiku lonse."

Anavala nsapato ija ataimirira.

"Chinanso. Thumba wamata m'bandakuchali wamata mothamanga, khungu lisanaume. Ndakuona. Likayamba kuyabwa kapena kuwotcha pansi pa chomatira, dziwa kuti zalowa kale. Usamatepo pulasitala. Pulasitala amangobisa kunja, m'kati zoipazo zikukudya khungu. Chotsa, pukuta, umitsa, mata lina. N'chifukwa chake kachikwama ka zosinthira kamapita kulikonse kumene iwe wapita. Ndipo ukafika, uwaitanire pambali Madamu, uwauze."

"Ayi, Amayi! Munalonjeza."

"Ndinalonjeza kuti ine sindikanena. Sindinalonjeze kuti ndi nzeru. Ndi chimbudzi basi, mwanawe. Madamuwo ali nacho, Ahediwo ali nacho. Chako chimangotulukira khomo lina."

"Inu simukuwadziwa ana a kusukulu kwathu."

"Ndipo iwe sukudziwa zimene ndinaona ine pa benchi ya kuchipatala, pamene unkapuma ngati kamwanapiye konyowa." Amayi ananyamula chikwama chawo. "Ine ndapita. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Shitiyo umalize usanachoke."

3. Kuseri kwa mgolo

Geti litangotsekeka, Kamphepo anaima patebulo n'kuyang'ana buledi. Njala inalipo. Koma anagwira pamimba, pamene thumba linali litagona phwatalala pansi pa lamba wansalu amene Amayi anamusokera. Ankafuna kuti likhale choncho mpaka madzulo.

Buledi anaponyera galu wa aneba pa mpanda. Nthochi anaibisa pamwamba pa kabati. Madzi a m'botolo anathirira maluwa, botololo n'kulisiya poonekera, kuti Amayi akabwera aone kuti ndi lopanda kanthu.

Kunatsala kachikwama ka zosinthira. Munali thumba lina, sizasi, tinsalu topukutira ndi pepala la pulasitiki lokulungira zotaya. Vuto linali limodzi. Pa masewera atsikana ankaunjika zikwama zawo pamodzi, ndipo Wailesi ankapisa m'chikwama cha aliyense ngati chake, kufuna mafuta odzola, chipeso, kapena kungofuna kuona.

Kamphepo anakanyamula kachikwamako mpaka pakhomo. Anaima. Kenaka anabwerera, n'kukakankhira kuseri kwa mgolo wa madzi. Anangotenga pulasitala, n'kumulowetsa m'sokosi.

Anavala kabudula woyera wa timu ndi tishati yaikulu. Shiti anaisiya m'beseni momwemo.

4. M'chimbudzi cha pabwalo

Pabwalo panali anthu ngati nyerere. Madamu atamuona anamugwira mapewa onse awiri.

"Wabwera mwana wanga! Bala lija linapola bwinobwino? Palibe chimene ndiyenera kudziwa?"

"Palibe, Madamu."

"Ndiye uli komaliza, monga kale. Usandichititse manyazi."

Koma mpikisano wawo unali wa kumapeto. Anayamba ndi anyamata, kenaka olumpha, kenaka oponya chitsulo. Dzuwa linafika paliwombo n'kukhazikika pomwepo. Mthunzi unali wa alendo olemekezeka okha.

Madamu anayendetsa ndowa ya madzi. Atsikana anamwa mpaka kudzithira kumaso. Kapu itafika kwa Kamphepo, anangonyowetsa milomo n'kuipereka kwa wina.

"Wayamba kusala kudya, abusa?" anamuseka Wailesi. "Utipempherere tipambane."

Pasanapite nthawi, mutu unayamba kugunda. Lilime linauma ngati chikopa. Ndipo thumba lija, limene ankati likhala phwatalala, linayamba kufufuma. M'mimba munkalira mokweza, moti Kamphepo ankatsokomola dala kuti anzake asamve.

Kenaka kunabwera kuyabwa. Kunayambira m'mphepete mwa chomatira, kukalowa m'kati, n'kusanduka moto.

Anathamangira ku chimbudzi cha kuseri kwa bwalo. Chitseko chinalibe loko, choncho anachitsamira ndi msana. Anatsegula kunsi kwa thumba n'kukhuthula. Munali madzi okhaokha, ochuluka kuposa masiku onse. Atakweza lamba anaona kuti mbali imodzi ya chomatira yatukuka, ndipo pansi pake panyowa.

Zosinthira zinali kuseri kwa mgolo, kunyumba.

Panali njira imodzi yotsala: kutuluka, kupita kwa Madamu, kuwauza zoona, n'kusiya kamwana ka fomu wani kathamange.

Chitseko chinagogodedwa mwamphamvu.

"Kamphepo! Wagweramo kodi? Akuitana timu yathu! Tsegula ndikuthandize!"

"Usalowe! Ndikubwera!"

Anasolola pulasitala m'sokosi. Anamudula ndi mano, n'kumata pamwamba pa khungu lonyowalo, mzere pamwamba pa mzere, mpaka yense anatha. Anakoka lamba, anatsitsa tishati, n'kutuluka.

"Nkhope yako yatuwa bwanji?" anafunsa Wailesi.

"Ndi mantha chabe."

"Mantha iwe? Tiye ukawaonetse fumbi!"

5. Chigawo chomaliza

Wezulo inalira. Woyamba wawo anachoka mochedwa. Wachiwiri anayesetsa. Wachitatu anali Wailesi, amene anabwera akukuwa ngakhale ali pa liwiro: "Gwira! Gwira! Gwiratu!"

Kamtengo kanagwera m'dzanja la Kamphepo, ndipo miyendo inakumbukira yokha ntchito yake. Patsogolo pake panali atsikana awiri. Anamudutsa woyamba pokhota. Wachiwiri anamupeza polowa mzere wowongoka. Ana a sukulu yawo anaimirira onse.

"Kamphepo! Kamphepo! Wabweranso Kamphepo!"

Chingwe chomalizira chinali chikuoneka pamene katumba wa kumanzere anauma gwa ngati mwala. Bwalo linapendekeka. Mawu a anthu anapita kutali ngati akuchokera m'chitsime. Nthawi yomweyo pulasitala, amene anali atavikika m'thukuta, anataya. Kamphepo anamva zamadzi zofunda zikutsika pamimba mpaka pantchafu.

Anaponya dzanja pamimba kuti agwire thumba. Linali dzanja la kamtengo. Kamtengo kanagwa, iye n'kukatsatira.

Atsikana onse anamudutsa, mmodzimmodzi.

Atatsegula maso anaona miyendo yambirimbiri itamuzungulira. Tishati inali itakwera mpaka pachifuwa, lamba atasuntha, thumba likulendewera mbali imodzi. Kabudula woyera uja sanalinso woyera.

"Wadziipitsira!" anakuwa mnyamata wina. Ena anaseka. Ena anakankhana kuti aone bwino.

Wailesi anabowola pakati pa gululo.

"Patukani, mbuzi inu! Kamphepo, dzuka, iwe dzu..." Anaima. "Ichi n'chiyani? Kamphepo, chimenechi n'chiyani pamimba pako?"

Kamphepo anatambasula dzanja kuti mnzakeyo amudzutse. Wailesi anayang'ana dzanjalo, linali lonyowa. Anabwerera m'mbuyo, n'kutseka mphuno ndi tishati yake.

Madamu ndiwo anagwada. Anavula jekete n'kumufunditsa.

"Zosinthira zako zili kuti?" anamunong'oneza.

"Kunyumba."

"Wamwa madzi lero?"

Kamphepo anatseka maso.

6. Pa benchi yomwe ija

Ku chipatala anamuika diripi. Anamwino atamatula pulasitala uja, khungu linali lofiira ndi lonyeka ngati lathiridwa madzi owira.

"Taona ntchito yako," anatero anamwino. "Pakhungu lotere thumba siligwira. Lizikudonthera mpaka papole, ndipo kupola kwake si kwa lero kapena mawa. Ndipo impso zako ukuziyesa zachitsulo? Munthu wonga iwe kukana madzi padzuwa n'kudzikumbira manda."

Amayi anafika dzuwa litapendeka, ali mu yunifolomu, zala zitatuwa ndi sopo wa ku hotela. Sanakalipe. Anayang'ana diripi, anayang'ana mwana, n'kutuluka kukakhala pa benchi ya pakhonde, pamene Madamu ankadikira. Kamphepo ankamva zonse pa zenera.

"Mayi, munatilakwira," ankatero Madamu. "Mukanandiuza, ndikanamukhazika pamthunzi, ndikanamumwetsa ndekha. Ndamufunsa ndi pakamwa pangapa, wandiuza kuti palibe kanthu. Akanandifera m'manja ndikanayankha chiyani? Pa timu ndamuchotsa kaye. Ndipo Ahedi akuti mubwere Lolemba ku ofesi, nonse awiri. Akufuna amve ngati mwanayu angathe kupitiriza ndi anzake, kapena ayambe wakhala kunyumba."

"Tamva, Madamu," anayankha Amayi. "Jekete lanu tichapa."

Diripi itatha anabwerera kunyumba. Atafika, Amayi anasuzumira kuseri kwa mgolo, anatulutsa kachikwama kaja, n'kukaika patebulo pafupi ndi botolo lopanda kanthu.

7. Lamulungu m'mawa

Beseni linali pomwe analisiya. Shiti inali itagona m'madzi akudawo, ndipo fungo linali litakula. Amayi anabwera n'kuponyapo kabudula, lamba ndi jekete la Madamu.

"Dzulo inali shiti yokha," anatero. "Lero werenga wekha."

Kamphepo asanagwade, kunja kwa mpanda kunadutsa tiana tochokera kogula makala. Kena kanasuzumira pa mpata, n'kunong'oneza anzake. Kenaka tonse tinakuwa pamodzi:

"Kathumba! Kathumba! Thamanga Kathumba!"

Tinabalalika tikuseka.

Kamphepo anaima chilili, sopo ali m'manja.

"Mwamva, Amayi? Mwamva? Si zimene ndinkanena zija? Ine ku sukulu sindipitanso."

Amayi anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kudzisisita mawondo.

"Ndamva, sindine gonthi. Ndipo ndisakunamize kuti asiya mawa. Sasiya. Akuseka sabata ino, akusekanso sabata yamawa, mpaka adzapeze wina womuseka. Anthu ndi otero, ngakhale akuluakulu ovala mataye amene ndimawachapira ine.

"Koma usalinamizire thumbalo. Thumbalo ndi limene linakuchotsa m'kamwa mwa imfa. Popanda ilo bwenzi pano ndikulimira maluwa pamanda ako. Dzulo silinakugwetse thumba. Unadutsa atsikana awiri uli nalo pamimba pomwepo, Madamu anena okha. Chinakugwetsa ndi buledi unapatsa galu, ndi madzi unathirira maluwa. Usadabwe, aneba anakuona. Unkaopa kuti munthu mmodzi adziwa, lero akudziwa ndi ana ogula makala omwe. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

"Wailesi anandithawa, Amayi. Ndinamupatsa dzanja."

"Anakuthawa, inde. Mwina ndi woipa mtima, mwina anangodzidzimuka. Iwe unamuuza kuti ndi ngalande. Zimenezo mukaonana nokha."

Amayi anadzuka movutikira.

"Ukafuna kusiya sukulu, siya. Ine mphamvu zokukoka ndilibe. Ku hotela mabeseni ndi ambiri, ndikakupezera lako, ndipo zala zako zidzafanana ndi zangazi. Koma mawa ku ofesi ya Ahedi tikupita, ngakhale kukhale kokatsanzika. Ndipo undimvetse: ine ndikangokhala pampando. Ndakulankhulira kwa madokotala, ndakulankhulira kwa anamwino, ndakukhalira chete kwa aphunzitsi. Ndatopa. Thumba ndi lako, pakamwa ndi pako. Ukawauza wekha chimene chili pamimba pakopo, ndi chimene ukufuna."

Analowa m'nyumba.

Kamphepo anataya madzi akudawo m'ngalande n'kutsegula mpopi. Pogwada, khungu lonyeka lija linamuluma pansi pa chomatira chatsopano. Anatenga ngodya ya shiti, anapaka sopo, n'kuyamba kufikisa. Banga linali litalowerera mu nsalu.

Anali asanafike ndi pakati pomwe pamene Amayi anaitana pa zenera, ayironi ili m'manja.

"Iwe mwana! Yunifolomu yakoyi ndiisite, kapena ndiipinde ndiike m'sutikesi?"

Kamphepo sanadzutse mutu. Anaonjezera sopo, n'kupitiriza kufikisa.